Ndinagulitsa feteleza wangongole kuti ndibise manyazi pamaliro a bambo

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera mlandu wanga ndisanakuuzeni china chilichonse. Ndinatenga feteleza wangongole, m'malo momuthira m'munda ndinamugulitsa, ndipo pamwamba pake ndinanama. Bodza limenelo linandifufutitsa m'buku la alimi, moti kwa zaka zinayi panalibe munthu kuno ku Kaporo amene akanandikongoza chinthu ndi mtima woyera. Ine kusukulu sindinapondeko, cholembera changa chinali chala chachikuluchi, choncho ndikungolankhula, wina akundilembera. Ndikamakhotakhota mundipirire, n'kukula.

Zinachitika zaka zija pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Mwamuna wanga anali atapita ku migodi ya ku Zambia. Chaka choyamba ankatumiza kangachepe, chachiwiri anatumiza bulangete ndi kalata imodzi, kenaka zii. Anandisiya pamudzi pa makolo ake ndi ana asanu komanso munda wa mpunga kudambo. Anthu akandifunsa za iye ndinkayankha kuti ali bwino, akupereka moni kwa nonse. Moni ameneyo ndinkangopeka ndekha, ndipo ngakhale makolo ake ankaulandira ndi manja awiri.

Nthawi imeneyo boma linatitumizira mlangizi wa zaulimi, a Mbewe, munthu wa ku Dedza, wamfupi, woyenda pa njinga yakapalasa. Chinkhonde chawo chinathera pa “ndaga”, ndiye kuti zikomo, ndipo akatembenuka tinkawajeda m'chilankhulo chathu iwo akumwetulira. Iwowa ndi amene anatiphunzitsa za kalabu. Alimi mumasonkhana, mumalembetsa mayina m'buku, boma limakukongozani mbewu ndi feteleza mvula isanagwe, inu mumabweza mukagulitsa mpunga. Koma panali lamulo limodzi loopsa. Ngongoleyo inali ya tonse. Mmodzi akalephera kubweza, chaka chotsatira kalabu yonse inkamanidwa. N'chifukwa chake munthu sankangolowa ngati m'tchalitchi. Pankafunika wina wokuimira, woti anene pamaso pa anthu kuti uyu ndikumudziwa, akalephera mudzagwire ine.

Amene anandiimira anali Nangosi, mnzanga wa paubwana. Tinkatunga madzi limodzi tili atsikana, ndipo tinakwatiwa mudzi umodzi. Iye anali wamasiye. Mwamuna wake anamusiyira ng'ombe ziwiri zolima, pulawo ndi goli, ndipo ng'ombe ziwirizo ndiye zinali amuna a pakhomo pake. Zinkamulimira munda wake, zikamaliza zinkalimira ena iye n'kulandira ndalama.

Apa ndikufotokozereni mwambo wathu, chifukwa inu a kumwera mwina simuudziwa. Kwathu kuno mkazi wokwatiwa sayang'anana ndi apongozi ake aamuna. Salankhula nawo, satchula dzina lawo, akawaona akubwera panjira amalowa m'nthochi n'kudzifunda nsalu kumutu mpaka adutse. Umenewo ndiwo ulemu. Ukakhala ndi mawu umatuma munthu. Masiku ano atsikana amapatsana moni wapamanja ndi apongozi, ena mpaka kukwera nawo njinga yamoto imodzi, koma ife tinakula ndi mantha amenewo. Tsono wapampando wa kalabu yathu anali apongozi anga omwewo. Pamisonkhano anthu ankakhala pabwalo la tchalitchi, ine ndinkakhala kuseri kwa khoma, ndipo Nangosi ndiye ankanyamula mawu anga kupita nawo pabwalo n'kubwera ndi yankho. Amuna ankaseka kuti m'kalabu yathu muli membala mmodzi amene ndi khoma, ndipo khomalo limabweza ngongole kuposa ena okhala pamipando.

Ankanena zoona, poti chaka choyamba ndinatenga matumba awiri, mpunga unachita bwino, ndinabweza zonse msika utangotsegulidwa. Ana anavala, wamkulu ndinamulipirira sukulu. Chaka chachiwiri a Mbewe anati popeza ndaonetsa khalidwe, nditenge matumba atatu. Ndinadinda chala, Nangosi anandinyamulira pangolo mpaka pakhomo. Patangopita masiku awiri unabwera uthenga woti bambo anga amwalira.

Mwambo wina ndi uwu. Bambo wa mkazi akamwalira, mkamwini amabwera ndi ng'ombe yoti iphedwe pamaliro. Anthu amaona, amawerenga, ndipo amakumbukira. Kwathu tinabadwa akazi atatu. Mwamuna wa mkulu wanga anali mphunzitsi, anafika ndi ng'ombe yake tsiku lomwelo. Wa mng'ono wanga anatumiza mawu kuti yake ikubwera mawa. Tili pakati polira, mkulu wanga anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti, “Nanga wako wa ku Zambia uja, ng'ombe yake ibwera pandege?” Azimayi amene anali pafupi anamva, ena anabisa nkhope m'nsalu, ndipo sindikukhulupirira kuti onse ankalira.

Njira yake inalipo, ndipo ndinkaidziwa. Mwana akakhala kutali, bambo ake ndiwo amamuimira. Ndinkafunika kungotuma Nangosi kwa apongozi kuti mwana wanu anasiya kulemba kalekale, ndilibe pogwira, ndivekeni. Koma kunena zimenezo kunali kuulula kuti moni yense uja anali wabodza, kuti ndine mkazi wotayidwa. Mawu a mkulu wanga ankandiyaka m'makutu. Ndinatsanzika kuti ndikukatenga nsalu kunyumba, ndinathamangira kwa bambo wina amene aliyense ankadziwa kuti amawolotsa katundu pa mtsinje wa Songwe kupita ku Tanzania. Masana omwewo, anthu ali kuminda, anabwera ndi ngolo n'kukweza matumba atatu aja, pamwamba n'kuphimba ndi masamba a nthochi. Ndinawonjezera bulangete lija ndi tindalama totsala ta chaka chatha, ndinagula kang'ombe kamphongo, kowonda koma ka nyanga zake.

M'mawa mwake ndinalowa pamaliro ng'ombe ili patsogolo. Ndinalengeza kuti mwamuna wanga anali atangotumiza ndalama kudzera mwa mnzake wa kumigodi. Abale, mmene anthu anandiyamikirira! Anati mwana wa anthu uja ali kutali koma ulemu akuudziwa. Nyama inaphikidwa ndi nthochi, anthu anadya mbalagha imeneyo mpaka kunyambita zala, ng'oma zinalira, mkulu wanga anasowa poyang'ana. Ndikukuuzani mosabisa kuti ndinalira bambo anga ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana amene akundiona. Kunyada kumeneko kunakhala masiku atatu.

Nditabwerera, ntchito ya kumunda inandidikira. Tinawokera mpunga, nthawi yothira feteleza inakwana, anzanga onse ali m'minda ndi mabeseni. Ine ndinatani? Ndinatola phulusa la pamoto, ndinasefa bwinobwino, ndinalinyamula m'beseni n'kukamwaza m'munda kuti ondiona patali aziti nayenso akuthira. Nangosi anadutsa pamzere n'kundifunsa ngati ndikufuna thandizo. Ndinamuyankha kuti ndatsala pang'ono kumaliza.

Mpunga sunama. Wa anzanga unabiriwira mpaka kuda, wanga unali wachikasu, wamfupi, ngati mwana wodwala. Ndipo apa pali tchimo limene sindinaliululepo ngakhale kwa abusa. Inu mukudziwa kuti kuno madzi amasefukira, mitsinje ikakwiya imatenga minda ndi nyumba zomwe. Chaka chimenecho ine ndinapemphera kuti madzi abwere. Ndinkafuna akokolole munda wanga kuti ndidzanene kuti feteleza anapita ndi madzi, osaganiza kuti madziwo sasankha, akanatenganso minda ya anzanga ndi mbuzi zawo. Mulungu sanandimvere. Mvula inagwa yaulemu, chinali chaka chabwino kwa aliyense kupatula ine.

A Mbewe atabwera kudzayendera minda anaima nthawi yaitali m'munda mwanga. Anazula phesi limodzi, analiyang'ana mizu, kenaka anandifunsa kuti feteleza ndinathira liti. Ndinati mwina mbewu ndi imene inali yoipa. Iwo anayang'ana munda wa Nangosi, umene mbewu yake inachokera m'thumba limodzi ndi yanga, anakankha njinga yawo n'kumapita.

Titamweta ndi kupuntha ndinapita nawo mpunga wonse ku msika wa boma, osasiyako ngakhale wa ana. Kalaliki ataika pasikelo, ndalama zake sizinafike ndi theka la ngongole. Msonkhano unaitanidwa. Ndili kuseri kwa khoma ndinatuma Nangosi kuti akandipemphere nthawi. Anabwera ndi yankho la apongozi: munthu amene anagula ng'ombe ndi ndalama za ku Zambia sangalephere matumba atatu, alembere mwamuna wake. Apongoziwo anawonjezanso kuti iwo eni ake obereka sanaoneko ngakhale tambala ya mwana wawo, koma sakudandaula, popeza ndalamazo zikudziwa njira ya kwa ena.

Mwaona mmene bodza limatsekera munthu? Ndikanati ndine wosauka, ndani akanandimvera pamene mudzi wonse unadya ng'ombe yanga? Ndikanaulula, ndinkaopa, chifukwa masiku amenewo kuwolotsa katundu wa boma kupita kunja inali nkhani yoti galimoto ya apolisi ikutenge, abale ako osadziwa kokufunsira. Ndiye ndinatumanso Nangosi kuti akanene kuti kalata yapita kale, ndalama zili m'njira. Patapita masabata awiri ndinamutumanso ndi mawu omwewo. Kachitatu anthu sanafunenso kumva. Tsiku lotseka buku linali litayandikira, ndipo alimi onse akanamanidwa chifukwa cha ine. Anatembenukira Nangosi kuti iwe ndi amene unati tidzakugwire.

Nangosi anagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zija. Inu amene munalimapo ndi ng'ombe mukudziwa kuti imodzi sikoka pulawo, choncho kugulitsa imodzi kunali kutaya zonse. Sanandikalipire. Anangofika pakhomo n'kundiuza kuti ngongole yatha, ndalama za ku Zambia zikadzafika ndidzamukumbukire. Ine ndinagwedeza mutu kuvomera. Mpaka lero ndikakumbukira kugwedeza mutu kumeneko ndimadzida.

Kalabu inapulumuka, koma dzina langa analikhwatcha ndi cholembera chofiira.

Mvula yotsatira ili pafupi ndinayamba kuzungulira. Ndinatuma mawu ku kalabu yathu kuti andibwezeremo, anakana osakambirana n'komwe. Ndinapita ku kalabu ya mudzi wina kutsidya kwa mtsinje, anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma atamva dzina anati malo adzaza. Ndinabwereka ndalama ya basi mpaka ku Boma ku Karonga, poganiza kuti kuofesi yaikulu sakundidziwa. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Kalaliki wake, mnyamata wa tayi wochokera kumwera, anatsegula buku, anatsetsereka ndi chala n'kuima. Anandiuza m'Chichewa chothamanga, choti ndinangotolapo zina, kuti ngongole sapereka kwa munthu payekha, ndibwerere kwa anzanga, ndipo ngati anzanga andikana iye ndi ndani kuti andivomere. Ndinabwerera ndi ngongole ina ya basi. Nkhani ya maulendo angawo inafika pamudzi ine ndisanafike. Mwini golosale wa pamsewu, amene kale ankandipatsa sopo kuti ndidzalipire pamwezi, anayamba kundiuza kuti buku lake lasowa.

Kenaka ndinachita chopusa china. Ndinamva kuti kwatsegulidwa kalabu yatsopano chakumtunda, ndinapita kukalembetsa ndi dzina la agogo anga aakazi, nditafunda nsalu mpaka m'maso. Ndinaiwala kuti kalabu zonse za dera lino mlangizi wake ndi mmodzi. Nditafika patebulo kuti ndidinde chala, amene anagwira dzanja langa kuti aliike pa inki anali a Mbewe. Anandiyang'ana, anabweza dzanja langa pang'onopang'ono, n'kuuza anthu kuti mayi awa asokera, kalabu yawo ndi ina. Akanafuna akanandipereka kwa akuluakulu a chipani tsiku lomwelo.

Anandipeza panjira ndikubwerera, anatsika panjinga n'kuyenda nane. Anati za phulusa anazidziwa kalekale, ndipo sanazilembe paliponse chifukwa cha ana anga. Kenaka anati: “Mayi, lekani kugogoda. Khomo lililonse limene mukugogoda likuuza linzake kuti musatsegule. Inu mukufunafuna amene sakukudziwani, pamene mankhwala anu ali kwa amene akukudziwani.” Anandilangiza kuti ndiyambe ndi kunena zoona kwa amene ndinawalakwira, ndiyambe kubweza za Nangosi ngakhale tambala imodzi imodzi, ndipo ndikafuna kukongola ndizikongola kanthu kakang'ono koti ndingabweze ngakhale munda utakanika. Ndinakwiya mumtima kuti mlendo wa ku Dedza akundiphunzitsa kukhala ndi anthu a kwathu. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Ndinasinkhasinkha masiku angapo, ndinapita.

Nangosi ndinamupeza m'munda mwake akulima ndi khasu, mayi amene zaka zonse ankayenda pambuyo pa pulawo. Ndinagwada m'matope momwemo ndinamuuza zonse, kuyambira moni wopeka mpaka masamba a nthochi pangolo. Anamvetsera atatsamira khasu. Nditamaliza anati anadziwa tsiku lomwe anandiona ndi beseni, chifukwa feteleza sauluka ndi mphepo ngati mmene zinkaulukira zanga. Ndinamufunsa kuti nanga anagulitsiranji ng'ombe akudziwa. Anati chifukwa ananena pamaso pa anthu kuti adzamugwire, ndipo iye mawu ake sabweza. Kenaka anati: “Ng'ombe ndi chiweto, imafa ndi matenda omwe. Chimene chikundiwawa n'choti unandisenzetsa bodza katatu, ndikukalinena ndi pakamwa panga pamaso pa akuluakulu. Ndinkangodikira kuti mwina lero andiuza.” Anavomera kundinyamulira mawu kwa apongozi, koma anati ulendo umenewo ukhala womaliza.

Tinapita Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Apongozi anakhala m'nyumba, ine ndinagwada panja kuseri kwa chipupa cha nsungwi, Nangosi ali pakhomo pakati pathu. Nsungwi sizibisa mawu, aliyense ankamva mnzake, komabe mwambo ndi mwambo, Nangosi ankabwereza chilichonse. Atamva kuti mwana wawo anasiya kulemba zaka zapitazo, ndinangomva mkuluyo akukoka mamina. Ndinayembekeza kuti andithamangitsa pamudzi. Koma anati: “Muuzeni kuti ng'ombe inalipo. Tsiku lomwe ndinamva za maliro ndinaipatula m'khola, yaikulu, yakuda ija. M'mawa ndikuti tiyambepo, ndinamva kuti wagula kale ndi ndalama za mwana wanga. Ndinaibwezera m'khola ndi manyazi.”

Inu owerenga, sindinalirepo ngati tsiku limenelo. Ng'ombe imene ndinaigulitsira feteleza, dzina langa ndi ng'ombe ya mnzanga, inali itaima m'khola pamtunda wosakwana kuponya mwala kuchokera pakhomo panga. Chimene chinkafunika ndi kutuma munthu mmodzi ndi mawu ochepa oona.

Apongozi sanandichotse pamudzi, koma anati za m'buku sangazisinthe ndi chisoni, chifukwa bukulo si lawo okha. Ndiyenera kudzimangira ndekha dzina.

Ndinayambira kugolosale. Miyezi ingapo ndinkagula ndi ndalama m'manja, osapita kwina ngakhale kwinako kukhale kotchipa, kuti mwini wake azolowere kundiona ndikulipira. Tsiku lina ndinapempha bokosi limodzi la machesi kuti ndidzalipire Lachisanu. Anandiyang'ana, anaseka, anati machesi okha atha kuluza. Ndinalipira Lachinayi. Chinsinsi chake ndikuuzeni: ndalama ya machesiwo inali pamfundo ya nsalu yanga nthawi imene ndinkakongolayo. Ndinkakongola dala kuti andione ndikubweza. Pambuyo pa machesi unabwera mchere, pambuyo pa mchere palafini, kenaka sopo. Sindinadumphitseko tsiku. Mwana akadwala ndalama n'kuchepa, ndinkapita tsiku lisanakwane kukanena kuti ndili ndi theka, lina ndibweretsa Lolemba, ndipo Lolemba ndinkafika.

Mbewu ndinabwereka debe limodzi kwa mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu. Ndinaitana anthu awiri kuti aone ndikulandira, ndipo pokolola ndinawaitananso kuti aone ndikubweza debe losefukira ndi mbale pamwamba. Azimayi a kumsika anali ndi chipeleganyu, aliyense amasonkha sabata ndi sabata, mmodzi n'kutenga zonse. Anakayika kundilowetsa poopa kuti ndikalandira ndithawa. Ndinawauza kuti andiike kumapeto, ndizisonkha onse alandire, ine ndidzalandire womaliza. Pamenepo analibe chowopa. Ndinakhala womaliza maulendo atatu ndisanapemphe kusunthira pakati.

Ndalama zake zinkachokera m'msana uno. Ndinkawokera mpunga m'minda ya anthu, ndinkaviika chinangwa n'kugulitsa ufa wa kondowole, ndinkaluka mphasa. Tsiku lililonse la msika ndinkapatula kenakake ka Nangosi. A Mbewe ankalemba kumapeto kwa kabuku kawo, ine poti zolembazo sindiziwerenga, ndinkaponya kamwala m'chitini pa kwacha iliyonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo, akuluakulu ananena, koma sananene kuti mtolowo umalemera bwanji poudikira. Munda wopanda feteleza unkangotipatsa chakudya cha miyezi yochepa. Mwana wanga woyamba, mtsikana wanzeru amene aphunzitsi ankati adzafika patali, anasiya sukulu chifukwa ndinalibe fizi, anabwera kudzawokera nane m'matope. Anakwatiwa akadali wamng'ono. Lero ndi agogo nayenso, ndipo sanandinenepo, koma ndikamuona akuvutika kuwerenga pepala la kuchipatala ndimadziwa amene anamulanda sukulu.

Chaka chachinayi a Mbewe anandiuza kuti tsopano ndikhoza kupempha. Ndinakhala kuseri kwa khoma lija, wonyamula mawu anali mlamu wanga wamkazi. Mwini golosale anachitira umboni, mayi wa debe uja anachitira umboni, azimayi a chipeleganyu nawonso. Koma atafunsa kuti ndani andiimire, palibe amene anaimirira. Aliyense ankakumbukira ng'ombe ya Nangosi. Ndinayamba kupinda nsalu kuti ndizipita, pamene ndinamva mpando ukusuntha. Anali apongozi. Anati iwo nkhope ya mpongozi wawoyo sanaionepo chikwatiwire, koma zaka zinayi akhala akumva mapazi ake akudutsa kuseri kwa nyumba kupita kuganyu nkhuku zisanatsike, ndiye akalephera adzagwidwe iwo. Anandilola thumba limodzi lokha. Feteleza ameneyo ndinamuthira anthu akuona, ndinachita kuitana a minda yoyandikana kuti adzagwire m'beseni. Msika utatsegulidwa ndinali woyamba pamzere.

Chaka chotsatira anati nditha kutenga awiri kapena atatu. Ndinakana, ndinatenga limodzi lomwelo mpaka za Nangosi zitatha.

Koma mitengo ya ng'ombe siinandidikire. Timiyala titakwana ndalama zimene iye analipira, ndalamazo sizikanagulanso ng'ombe yolima. Ndinapitiriza chaka china mpaka ndinagula ng'ombe yeniyeni, yophunzitsidwa goli, ndinaikoka ndekha kupita nayo kwa Nangosi. Ndinapeza khola lili pululu. Ng'ombe yotsala ija anaigulitsa kale chifukwa inkangodya udzu, pulawo anapatsa mphwake, theka la munda anabwereketsa, ndipo msana unali utamupinda chifukwa cha khasu. Ankamanga katundu kuti azikakhala kwa mwana wake wamkazi ku Mlare. Analandira chingwe ndi manja awiri, anati ndaga, anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi akumwa. Anandifunsa za ana mmodzimmodzi, mwaulemu wonse, monga mmene umachezera ndi mlendo wodutsa. Kale tikakumana tinkatukwanana mwachibwana mpaka kugwa ndi phwete. Tsiku limenelo tinakhala pamphasa imodzi mawu n'kutithera. Anamwalirira ku Mlare komweko, ndipo ndinakamulira, koma pamaliropo ndinakhala kumbuyo, chifukwa ana ake ankadziwa chimene chinapinda msana wa mayi awo.

M'kalabu ndinakhalamo zaka zambiri osaphonya, mpaka anadzandisankha msungichuma, ine wosadziwa kulemba. Buku linandikhululukira, poti buku limangofuna zake zibwere. Nangosi nayenso anandikhululukira, koma kundikhulupirira ngati kale sanathenso, ndipo sindimuimba mlandu.

Tsono inu ana anga a masiku ano, ndikumva kuti ngongole mukutengera m'mabanki, m'magulu a m'midzi, ena pafoni pomwe, ndipo ena mwa inu akukanani. Akakukanani musathamange khomo ndi khomo monga ndinachitira ine, kapena kubwereka dzina la mbale wanu. Khalani pansi mufunse chimene akukanirani, ndipo mukachimva musakwiye. Mubweze zakale poyamba, ngakhale pang'onopang'ono. Mukayambanso kukongola, muyambe ndi machesi, chinthu choti ndalama yake muli nayo kale, ndipo mubweze tsiku lisanakwane. Zikavuta, pitani nokha mukanene asanakutumireni munthu. Chimene mwakongola kuti chikagwire ntchito m'munda chipite kumunda, ngakhale kugwe maliro, ngakhale abale akusekeni. Kusekedwa pamaliro kumatha anthu akamwazikana. Ine ndinathawa kusekedwa kwa masiku atatu, ndinalipira ndi sukulu ya mwana wanga.

Koposa zonse, ngati pali munthu amene anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti uyu ndikumudziwa, ndipo inu mukudziwa mumtima kuti zinthu sizili bwino, musadikire tsiku lotseka buku. Nyamukani lero mukamuuze zoona, ng'ombe zake zikadali ziwiri.